Kapu, supuni kapena sikelo: tomato sosi tiziyeza ndi chiyani?

Anzanga angapo akhala akundifunsa chifukwa chimene ndinasiyira kuyeza tomato sosi ndi kapu, ndiye ndati ndingoyankha kamodzi.

Nkhaniyi inayamba tsiku lina kutabwera alendo ambiri. Ndinkakonza sosi wopaka nyama yowotcha, ndipo malangizo ake ankafuna kapu imodzi ya ketchup, yemwe ndi tomato sosi yemweyu, ine n'kuchulukitsa kanayi. Poti ndinali nditangogula kumene sikelo, ndinafunsa pa intaneti kuti makapu anayi ndi magalamu angati. Tsamba lomwe ndinatsegula linati 960. Ndinayeza mosamala, ndikudziona ngati katswiri. Sosi uja anatuluka wamadzimadzi, viniga akuchita kulasa m'mphuno, pa nyama akungotsetsereka osagwira. Alendo anadya mwaulemu basi.

Mpaka lero masamba osinthira miyeso ndimawasungira chakukhosi. Limene lija linkawerengera tomato sosi ngati madzi, kuti mililita imodzi ndi galamu imodzi. Koma tomato sosi ndi wolemera kuposa madzi chifukwa muli shuga wambiri ndi tomato wophikidwa mpaka kulimba. Umboni uli pa botolo pomwepo: mabotolo ena a Heinz amalembedwa miyeso iwiri, 500 ml ndi 570 g. Mukagawa mupeza kuti mililita imodzi imalemera magalamu pafupifupi 1.14, choncho kapu ya 240 ml ndi magalamu 274 kapena kuyandikira pamenepo. Pa makapu anayi aja ndinapereweza magalamu oposa 130, pafupifupi theka la kapu, pomwe viniga ndi madzi ndinathira zokwanira. Chimandiwawa n'chakuti tsambalo linali ndi malo osankhapo dzina la chinthu chomwe ukuyeza, ndinasankha bwinobwino, koma yankho linali lamadzi lomwelo.

Kapu payokha si yoipa. Siifuna batire, siwonongeka. Vuto lake tomato sosi amakakamira m'mbali, ndipo ukamafinya botolo mumatsala timipata ta mpweya tomwe suungatione. Umakhalira kukokota ndi supuni, wina n'kutsalabe. Komanso kapu yake iti? Ya ku America ndi pafupifupi 237 ml, ya ku Australia ndi 250 ml. Ngati wolemba malangizo sananene kwawo, ungolota.

Supuni ndilibe nayo mlandu pa zinthu zochepa. Yaikulu ya 15 ml imanyamula magalamu 17. Mungochenjera ndi ya ku Australia, yomwe ndi 20 ml, magalamu pafupifupi 23.

Malangizo akanena ma ounce 8, onetsetsani kaye ngati akunena fluid ounce, muyeso wa kuchuluka kwa zamadzimadzi, kapena ounce wamba, muyeso wa kulemera. Ma fluid ounce 8 ndi kapu yathunthu ya ku America ija, pomwe ma ounce 8 a kulemera ndi magalamu 227 okha.

Sikelo ndiyo ndinakhazikikapo, ngakhale tsiku loyamba linali lamanyazi. Ndimaika poto pamwamba, kudina batani la tare kuti ibwerere pa 0, kenako kufinyira tomato sosi m'potomo mpaka nambala ikwane. Palibe chokokota, palibe kapu yotsuka. Zofooka ilinso nazo. Yangayi imazima yokha ukachedwa, ndipo ndi botolo lagalasi umachedwadi, uku ukuligogoda kunsi kuti sosi atsike. Ikazima poto ali pakati, ndiye kuti nambala yapita. Chinanso, sikelo zambiri zili ndi batani la ml, lomwe nalonso limaganiza kuti chilichonse ndi madzi. Musaligwire, isiyeni pa magalamu.

Mitundu ya tomato sosi imasiyana kulimba, makamaka ya shuga wochepa, ndiye botolo likakhala lachilendo ndimayeza kaye supuni imodzi ndione. Manambala awiri aja, 17 ndi 274, ndinawalemba pa kapepala n'kumata kuseri kwa chitseko cha kabati, pamwamba penipeni pa sikelo.