Laputopu yanga inkakwawa pa 0.39 GHz, anyamata a ku Limbe anapeza vuto pa chaja

Ndati ndilembeko za kashopu kena kokonza makompyuta ku Limbe chifukwa anyamata aja andichotsa m'mavuto, ngakhale pali zina zomwe anandinyansa nazo ndipo ndinena zonse. Chikwangwani chenicheni alibe, ndi kachipinda ka m'mwamba ukakwera masitepe kuseri kwa mashopu a nsalu, mkatimo malaputopu ophwasula ali mbwee mpaka pawindo.

Ine ndimapanga makhadi a ukwati, mapulogalamu a maliro, ma poster a tchalitchi ndi zina zotero pa CorelDRAW ndi Photoshop. Makina anga ndi Dell Latitude 5490 yomwe ndinagula yogwiritsidwa kale ntchito, purosesa yake (ubongo wa kompyuta) ndi Intel Core i5-8250U ya 2017, ma core 4, liwiro lolembedwa ndi 1.6 GHz koma ukaipanikiza imakwera mpaka 3.4. Chaka chonse inkagwira bwinobwino. Ndiye mwezi watha inangoyamba ulesi wina wake aise, kutsegula Chrome yokha umatha kukatereka madzi a tiyi n'kubwera ikadali kuzungulira, kasitomala wayima kumbuyo kwako akudikira pulogalamu ya maliro oti akuikidwa mawa, iwe thukuta kamukamu. Batire nayo inasiya kulowa moto, ine n'kungoti yafa basi, magetsi akuzimazimawa aipha.

Poyamba ndinapita nayo kwa mkulu wina m'tauni. Sanaiyatse n'komwe, anangomva kuti ikuchedwa iye ndi vayirasi imeneyo bwana tiifomate. Anafomata, kuika Windows yatsopano, ine kulipira, mafonti anga onse amene ndinatolera zaka zitatu kupita, kufika kunyumba makina akadali chimodzimodzi. Nditabwerera akuti ndiye kuti RAM yachepa onjezerani, pamenepo ndinangonyamula chikwama changa.

Ku Limbe kuja anandilandira ndi mnyamata wamng'ono ndithu, moti mumtima ndinati kodi bwana wake ali kuti. Funso lake loyamba linali loti achimwene chaja mwabwera nacho? Ndinali nacho mwamwayi. Analumikiza, n'kudina Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kutsegula Task Manager, pulogalamu ya Windows yoonetsa mmene makina akugwirira ntchito, kupita pa Performance kenako CPU (purosesa ija), n'kunditembenuzira sikilini kuti ndione ndekha. Pa Base speed palembedwa 1.60 GHz koma pa Speed pali 0.39 GHz, osasuntha. Anandifotokozera kuti nambala imeneyi kutsika pamene makina angokhala si vuto ayi, mapurosesa onse a masiku ano amadzichepetsa dala kuti asamadye moto komanso asamatenthe, vuto ndi pamene waipatsa ntchito koma nambala yangoti njo. Ndiye anatsegula Photoshop ndi fayilo yanga yaikulu ija, Utilization kukwera koma Speed ili pomwepo 0.39 ngati yakhomedwa ndi msomali.

Anayang'ana kaye zosavuta, ku Power Options kuona ngati Maximum processor state ili pa 100%, inali bwino. Anatsegula HWiNFO kuona kutentha, purosesa inali yozizira ndithu, iye n'kuseka kuti ingatenthe bwanji ikugona. Kenako anazimitsa, kuyatsanso akudina F2 kulowa mu BIOS, masetingi a makina omwe umalowamo Windows isanayake, pa tsamba la batire pomwe pamafunika kulemba mphamvu ya chaja panalembedwa Unknown. Anandifunsa kuti chaja ichi ndi chomwe chinabwera ndi makinawa? Apa ndiye ndinachita manyazi, chifukwa choyambirira chija chinaduka waya ndipo ndinagula china chotchipa pa benchi mumsika, chomata chizindikiro chonse bwinobwino, 19.5V 3.34A, ine kuona kuti chikuyatsa makina ndinati zatheka. Ndipotu tsiku lililonse poyatsa pamabwera uthenga wina pa sikilini yakuda, ine ndimangodina F1 osawerenga kkkk, kumeneko makina amandiuza kuti chajachi sakuchidziwa.

Mmene anafotokozera ndi momwe ndamukondera mnyamata uja. Anandionetsa kumutu kwa chaja, mkati mwa kabowo muli kasingano kakang'ono pakati. Kasinganoko sikapereka moto woyendetsera makina ayi, ntchito yake ndi kuuza laputopu kuti ine ndine chaja cha mawati 65 kapena 90. Zachinyengo zambiri mulibe ka chip kolankhula zimenezo, nthawi zina chaja ndi chenicheni koma kasingano kapindika kapena kawaya kake kaduka mkati, nthawi zinanso vuto limakhala pa doko la laputopuyo. Makina akapanda kumva yankho amaopa kukoka moto wopitirira mphamvu ya chajacho, ndiye amasiya kutchaja batire n'kuuza purosesa kuti iyende pansi penipeni. Ndiye kuti palibe chinafa, makina amangodziteteza ku chinthu chomwe ndinawapatsa ndekha.

Anatenga chaja chake cha pa tebulo kulumikiza, BIOS pompo kulemba 65W, batire yomwe ndinaiika kale m'manda ija kuyamba kulowa moto. Kulowa mu Windows Speed ija kudumpha mpaka 3.4, Photoshop kutseguka ndisanamalize kukhala pansi. Ndinangoti ha! Ndalama ya fomati ija ndi mafonti anga zinapita ulele.

Ndinali nditamvapo za kapulogalamu kaulere kotchedwa ThrottleStop, koti umangochotsa kachongi pa BD PROCHOT liwiro n'kubwerera, ndiye ndinamufunsa kuti bwanji tingopanga zimenezo ndisunge chaja changa chotchipacho, ndalama zavuta. Anati zimatheka pa makina ambiri ndipo iye amakagwiritsa ntchito poyesa, koma BD PROCHOT ndi njira yomwe zida zina za pa bodi zimauzira purosesa kuti tsika kuno zinthu sizili bwino, ukaitseka ndiye watseka pakamwa mlonda wako, chaja chabodzacho chizikokedwa mpaka kutentha ndipo batire siitchajabe. Anakana kundiikira, ananena mwaulemu kuti achimwene mukafuna mukapange nokha kunyumba koma ine dzanja langa ayi. Pa nthawiyo zinandibowa koma pano ndikumumvetsa.

Liwiro litabwerera vuto lachiwiri linatulukira, kutentha kunakwera kupitirira madigiri 90 ndipo purosesa imeneyi malire ake ndi 100, ikafika pamenepo imadzitsitsanso yokha. Anatsegula pansi, fani inali ndi fumbi lolukana ngati bulangete, thermal paste, phala lopaka pa purosesa lothandiza kuchotsa kutentha, itauma ngati dothi la mu Okutobala. Anapukuta, kupaka yatsopano, kutseka. Anandichenjezanso kuti ndisamayembekeze kuona 3.4 nthawi zonse, purosesayi ndi ya mawati 15 ndiye ukaipanikiza nthawi yaitali imatsikako ndithu cha m'ma 2 ndi kanthu, zimenezo ndi chibadwa chake ndisadzabwere ndikulira.

Tsopano zondinyansa. Kutsuka faniko anati mphindi 30, ndinakhala maola atatu, chifukwa aliyense wolowa ndi foni yosweka sikilini amasiya zanga n'kuthamangira zimenezo, mpando wake ndi umodzi womwe timalandirana ngati kuchipatala, ndipo kutentha m'kachipindako musanene. Mtengo wa ntchito sananene poyamba mpaka ndinachita kufunsa kawiri, lisiti nalo ndinachita kukakamira, analemba pa kapepala kong'amba mu kope. Chaja chomwe anandigulitsa ndi chenicheni koma chakale, chokandikakandika, mtengo wake pafupifupi kawiri cha mumsika chija, chitsimikizo akuti mwezi umodzi wapakamwa basi. Komanso zomangira ziwiri za pansi anaiwala kubwezera, ndinaona ndili mu minibasi ndafika kale pa Chichiri, ndinachita kubwereranso mawa lake, anapepesa n'kumanga.

Koma ndibwererakonso, ndipo mlamu wanga ndamutumiza kale ndi HP yake yomwe ikumazima yokha. Poyesa paja sanandilipiritse kanthu mpaka vuto litapezeka, ndipo chilichonse amandionetsa pa sikilini ndisanatulutse kwacha iliyonse. Ngati yanu ikukwawa tsegulani Task Manager muone Speed ikugwira ntchito yolemera, ndipo popita kokonzetsa musasiye chaja kunyumba ngati mmene ambirife timachitira. Chotchipa chija ndinabwerera nacho pa benchi paja, wogulitsayo akuti sakundikumbuka.