Matplotlib: mvula ndi kutentha pa galafu imodzi

Ndagwiritsa ntchito Matplotlib, pulogalamu ya pa kompyuta yojambulira magalafu, miyezi inayi tsopano, pokonza magalafu a nyengo ophunzitsira jogalafe ku Fomu 3. Ndi yaulere, imayendera Python (chiyankhulo cholembera mapulogalamu a pa kompyuta), ndipo laputopu yanga yokalambayi ikuinyamula bwinobwino. Ndaipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu.

Chinandikopa ndi lamulo lake lotchedwa twinx. Mvula timayeza m'mamilimita, kutentha m'madigiri. Mukaziika pa muyezo umodzi, mvula ya Januwale ku Lilongwe, yomwe imadutsa mamilimita 200, imapondereza mzere wa kutentha mpaka kungogona pansi ngati ulusi. Twinx imakupatsani muyezo wachiwiri kudzanja lamanja, miyezi n'kukhala yomweyo m'munsi. Apa ndilibe nawo mawu.

Pa mutu wa galafu mpamene ndinachezera usiku, ngakhale wolakwa ndinali ine ndemwe. Ndinawonjezera twiny, mnzake wa twinx yemwe amaika muyezo wachiwiri pamwamba, kuti pamwamba pakhale manambala a masabata, kenako mu set_title, lamulo lolembera mutu, ndinalembamo ndekha y=1.0, nambala yonena pomwe mutuwo ukhale. Mutu unagwera pa manambala aja, zilembo kupiringizana osawerengeka. Zoona zake n'zakuti mukaika y nokha, pulogalamuyi imasiya kukusunthirani mutu, imangomvera zanuzo. Ndinachotsa y ija, n'kukweza pad, mpata wa pakati pa mutu ndi galafu, kuchoka pa 6, pomwe imayambira, kufika pa 20. Mutu unakwera, koma posunga chithunzi unatuluka wodulidwa chapamwamba. Chinandipulumutsa ndi kulemba layout="constrained" popanga galafu, ndiponso bbox_inches="tight" mu savefig, lamulo losungira chithunzi, kuti zonse zikwane pa chithunzipo. Dzina la muyezo wakumanja, lomwe linkathawira kunja kwa pepala, nalo linabwerera.

Nyenyezi imodzi ndaimana chifukwa cha kabokosi kofotokoza mizere. Muyezo uliwonse umadzipangira kake, ndiye mumapeza timabokosi tiwiri titasanjikizana pakona imodzi. Muyenera kutola zonse za m'timabokosimo ndi lamulo la get_legend_handles_labels n'kuziphatikiza nokha. Komanso muyezo wachiwiri umajambulidwa pamwamba pa woyamba, choncho kabokosiko kaikeni pa wachiwiriwo, apo ayi mzere wa kutentha ukadutsa pakati pake. Wongoyamba kumene sangazilote zimenezi.

Ndinapaka manambala a mvula buluu, a kutentha ofiira, poti ana asasokonezeke. Pa kompyuta zinakongola. Koma pulinta yathu ndi ya inki yakuda yokha, moti ndinabwereranso kukaika timadontho pa mzere wa kutentha ndi kulemba mm kumanzere, °C kumanja.