London, Italian, Najdorf kapena Caro-Kann: iti yoyenera munthu wa ganyu kuno ku Joni?

Anzanga a ku Rosettenville ndi ku Yeoville akhala akundifunsa funso limodzi lomwelo: munthu wongoyamba chesi aphunzire opening (njira yoyambira masewera) iti? Ndiyankhire pano kuti nonse mumve.

Tiyambe ndi Najdorf, chifukwa ndili nayo chifukwa. Ndi ya wakuda, wosewera ndi zida zakuda (m'kalembedwe aka, e4 kapena c5 ndi malo a pabolodi; N ndi hatchi, B ndi bishopu): 1.e4 c5 2.Nf3 d6 3.d4 cxd4 4.Nxd4 Nf6 5.Nc3 a6. Akatswiri otchuka Fischer ndi Kasparov ankaikonda, ndipo ogulitsa maphunziro pa intaneti amakunyengererani ndi mayina omwewo. Kampani ina inandilonjeza masiku oyeserera aulere, koma inafuna nambala ya khadi. Masikuwo atangotha inadula ndalama za chaka chathunthu, m'madola, banki n'kuwonjezerapo yake yosinthira ndalama. Chenjezo linalipo, koma m'timalemba tofuna magalasi. Marandi amene ndimati nditumize kumudzi anathera pamenepo.

Chowawa kuposa ndalamazo ndi ichi: kuti Najdorf ichitike, woyera ayenera kuvomera kusewera 2.Nf3 ndi 3.d4. Pitani ku Joubert Park Loweruka mukaone ngati madala a pamenepo angakupatseni mwayi umenewo. Wina akuponyerani 2.Bc4, wina 2.c3, wina akankha pawn ya f n'kuyamba kusaka mfumu yanu. Zonse munaloweza pamtima mu taxi ya ku Bree zangokhala m'mutu, pabolodi palibe. Akapezeka wodziwa n'kusewera 6.Bg5, kungoiwala kusuntha kumodzi basi mwagwa. Ngakhale Fischer mwiniwake, pa masewera a nambala 11 a mpikisano wa dziko lonse lapansi ku Reykjavik mu 1972, queen wake atadya pawn ya b2 anakodwa, Spassky n'kupambana. Nanga inu amene mwaweruka 6 koloko msana ukuphwanya?

Caro-Kann, 1.e4 c6 kenako d5, ilibe phokoso. Bishopu wa pa c8 amatuluka msanga kupita pa f5 musanatseke khomo ndi e6, ndipo woyera akangoyamba ndi e4, kaya asewere zotani kenako, nyumba yanu imamangidwa pafupifupi mofanana. Katswiri wina, Karpov, anaidalira zaka zambiri. Vuto lake n'lakuti mumayamba mopanikizika pang'ono, ndiye amtima wapachala atopa nayo.

Kwa woyera, ambiri akuthamangira London: d4, Bf4, e3, c3, osayang'ana n'komwe zimene mnzako akuchita. Sindikana kuti imagwira ntchito. Ding Liren anagonjetsa nayo Nepomniachtchi pa masewera a nambala 6 a mpikisano wa dziko lonse lapansi mu 2023. Koma Ding amadziwa chifukwa chimene waikira chida chilichonse pamalo pake, pamene ife timangoyala ngati tomato pamsika. Mnzako akasewera c5 n'kubweretsa queen pa b6, pawn ya b2 imatsala yopanda mlonda poti bishopu anachoka kale pa c1. Pamenepo m'pamene mumaona munthu wa London akukanda m'mutu, fodya n'kuzima m'manja.

Italian ndiye mnzanga wakale: 1.e4 e5 2.Nf3 Nc6 3.Bc4. Bishopu amaloza pa f7, malo amene amatetezedwa ndi mfumu yokha. Imakuphunzitsani kutulutsa zida msanga, kubisa mfumu, ndi kumenyera pakati pa bolodi ndi c3 kenako d4. Mukagonja mumaona pamene zinalakwikira, osati kungodabwa. Wakuda akasewera 3...Nf6, ambiri amalumphira 4.Ng5 kufuna kupereka hatchi pa f7. Ndi zokoma ndithu, koma wodziwa amayankha d5 kenako Na5, chisangalalo n'kuchepa. Ine ndimasewera 4.d3 mwakachetechete.

Za mtengo sitingatalikitse: zonse zinayi mukhoza kuziphunzira pa Lichess, tsamba la chesi la pa intaneti, osalipira kanthu, kupatula data.

Ndiye achimwene, ngati mumagwira ntchito mpaka Loweruka masana, tengani Italian mukakhala woyera, Caro-Kann mukakhala wakuda. London ikhale ya tsiku limene mwatopa. Wofuna Najdorf abwere ndimubwereke maphunziro anga aja, poti ndalama sanandibwezere ndipo chaka sichinathe.