Kanyumba kathu kakang'ono patatha mvula ziwiri

Sabata yathayi ndalipiranso K85,000 ya galimoto yopopa septiki thanki, ndipo risiti yake ndi imene yandichititsa kuti ndilembenso za nyumba ija ndinkaiyamikira kwambiri titangolowa. Ambiri amene mwatsala pang'ono kupuma pantchito mumandifunsa ngati kusiya nyumba yayikulu n'kulowa yaying'ono kuli ndi phindu, ndiye mvetserani zonse, zabwino ndi zowawa zomwe.

Kwa amene simukudziwa, ine ndinapuma ntchito ya boma mu 2023 nditakwana zaka 60. Ana onse anachoka, tinatsala awiri ndi mayi a kunyumba m'nyumba ya zipinda zinayi ku Area 47 mu Lilongwe, ya boyizi kota ndi kapinga wofuna munthu womutchetcha sabata ndi sabata. Galachuwite itatuluka tinagula ka zipinda ziwiri kumapeto kwa Area 25, chakumunsi kufupi ndi dambo, kwa mkulu wina amene amamanga nyumba n'kumagulitsa, ndipo yayikulu ija tinaikamo munthu wa lendi. Tinalipira pafupifupi ndalama yonse mu October, mwezi wotsatira wa November kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Pamenepo ndimathokoza Mulungu mpaka lero, chifukwa ndalama ija ikanagona kubanki mwezi umodzi wokha sikanagulanso nyumbayi, simenti ndi malata zinakwera tikuona.

Zimene zikuyenda bwino sindichulutsa mawu. Denga silidontha. Mayunitsi a magetsi amene kale ankatha pakati pa mwezi pano amatifikitsa kumapeto, giza tinachotseratu. Bilu ya madzi yatsika. Masitepe palibe, mawondo a mayi apumula. Minibasi, chigayo ndi tchalitchi zonse n'zoyenda wapansi. Kusesa ndi kukolopa nyumba yonse tiyi asanazizire mwamaliza.

Koma nkhani ya madzi a pansi iyi, abale anga, yandidyera ndalama ndi tulo. Chaka choyamba sitinaone kanthu kwenikweni, paja mvula ya 2023/24 inali yochepa chifukwa cha El Niño mpaka boma linalengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23, ndiye ife tinangoona kachinyontho pang'ono pakhoma la kuchipinda chogona n'kumati mwina ndi penti yatsopano. Mvula yachiwiri itabwera bwinobwino m'January, m'pamene nyumba inaonetsa khalidwe lake. Tsiku lina m'mawa mayi afulasha toilet, madzi m'malo motsika akukwera, kubafa kukumveka kubwebweta, panja fungo losaneneka. Ndinakatsegula chivundikiro cha soak away, dzenje lomwetsa pansi madzi otuluka mu septiki thanki, ndinapeza madzi ali thoo mpaka kukamwa, oyera ndithu, a mvula osati a m'nyumba ayi. Pulambala amene ndinamuitana anatenga khasu n'kukumba pambali, asanafike ndi m'chiuno momwe madzi anayamba kutumphuka. Anandiuza kuti bambo, dothi lino ndi la makande, limasunga madzi, soak away yanu m'malo momwetsa madzi pansi ikuchita kutunga a m'dambo n'kuwabwezera mu thanki, mukapopa lero pakatha masabata awiri yadzadzanso. Ndipo n'zimene zakhala zikuchitika.

Khoma lija nalo chinyontho chinakwera mpaka m'mawondo, penti kutukumuka n'kumasupuka ngati khungu la njoka, kuseri kwa wadirobu chuku chobiriwira, suti yanga imene ndinavala tsiku lotsanzikana kuntchito inachita mawanga osachoka, zitenje za mayi za chigwirizano kununkha chinyezi. Mmisiri atagumula pang'ono m'munsi anapeza kuti pulasitiki yotchinga chinyontho ija amaika pamwamba pa fondeshoni mbali imeneyo mulibe, anaika kutsogolo kokha. Zimenezi zinandipweteka mtima kuposa ndalama, chifukwa munthu womanga nyumba pa malo otere amadziwa chimene akuchita, ndipo ankadziwanso kuti akugulitsa kwa nkhalamba zimene zikupereka thukuta la moyo wawo wonse.

Ndiye za wogulitsayo. Nthawi yogula anali munthu waulemu kwabasi, madala apa madala apo, kudzatitenga pa galimoto yake, kulonjeza kuti chilichonse chikavuta chaka choyamba ndi chake. Dobadoba amene anatilumikiza naye atalandira yake sanaonekenso. Vuto litayamba ndinaimba foni, anayankha bwino, akuti madala musadandaule nditumiza anyamata Lolemba. Lolemba linadutsa, lina linadutsanso, kenako foni ikungoitana, pa WhatsApp akuwerenga koma osayankha. Nditamupeza pa saiti ina imene akumanga anandiuza kuti chaka chija chinatha kale ndipo mvula si iye amagwetsa. Ndinabwerera kunyumba BP itakwera, usiku umenewo ndinawauza mayi kuti tigulitse tibwerere ku 47, iwo anangoti tikabwerera lendi ija tidzaidyanso kuti.

Chimene chinatithandiza n'choti pogula mwana wathu wamkazi anaumirira kuti K2 miliyoni yomaliza tisapereke mpaka mapepala osintha umwini atatha, ndipo zinalembedwa mu agirimenti pamaso pa loya. Mkulu uja mapepala ankazengereza, ndiye ndalamayo inali idakali kwa ife. Loya atamulembera kalata anabwera yekha pa geti, ulemu uja wabwereranso. Tinagwirizana kuti mtengo wokonza khoma ndi kukumba ngalande ya miyala yozungulira nyumba uchotsedwe pa ndalama imeneyo. Khoma anakonza ndithu, analigumula m'munsi chigawo chigawo n'kulowetsa pulasitiki, ndipo panopa lauma. Za soak away anakana, akuti imeneyo anamanga molondola, vuto ndi malo. Mpaka lero ndi ine ndikulipira opopa, ndipo pulambala akuti njira yokhalitsa ndi kumanga ina kumtunda kwa poloti n'kuyala mapaipi, ndalama yake pafupifupi lendi ya miyezi itatu ya ku 47.

Chodabwitsa n'choti madzi omwewa atipatsa dimba. Kuseri kuli kamalo kochepa, mayi anadzalako mpiru, repu, tomato ndi nkhwani, ndipo ngakhale mu September dothi limakhala lonyowa, kuthirira ndi kamodzikamodzi. Masamba sitigulanso, ena amagulitsa kwa aneba, ndipo aneba amenewa ndi anthu, mayi atadwala malungo anabwera ndi phala m'mawa, zimene ku mipanda italiitali kuja sitinazionepo.

Kuchepa kwa nyumba kumandiwawa pa Khirisimasi. Adzukulu anagona pa matiresi pabalaza, mpongozi ndi mwana wathu anakagona ku loji, ndipo mlongo wanga wa ku Dedza anadandaula kuti achimwene masiku ano mulibe pofikira. Abale akumudzi obwera ku Central kuchipatala kale ankakhala kwathu mwezi wathunthu, pano masiku awiri abwerera. Thumba lapepukidwa, inde, koma ine ndinakulira m'nyumba yodzadza anthu ndipo sindinazolowere. Sofa yathu yayikulu ndi kabati ya magalasi sizinalowe pakhomo, tinapatsa ana.

Mukandifunsa mu February madzi ali thoo ndidzakuuzani kuti ndinagula mavuto. Mukandifunsa pa 1, lendi ya ku 47 italowa pafoni kuwonjezera pa ka penshoni kamene pakokha sikangatifikitse pa 20, ndidzakuuzani kuti popanda kusamuka bwenzi tikupempha ana ndalama ya mankhwala a BP ndi shuga. Nditawerengera zonse, zopopa ndi zokonza zomwe, tikutsalabe ndi kenakake mwezi uliwonse, ndiye nyumba yaying'ono ndikuivomereza, koma kwa mkulu ameneyu sindingatumizeko mnzanga. Inu amene mukufuna kugula pitani mukaone malowo mu February mvula ili pakati, tsegulani soak away ndi manja anu, suzumirani kuseri kwa mawadirobu, ndipo ndalama yomaliza gwirani mpaka mapepala atuluke. Yathu yotsalayo sanalandirebe, title deed akuti mwezi wamawa, ndipo ndamuuza loya kuti nkhani ya soak away tiibweretsenso patebulo asanaone ngakhale tambala.