Ma ovaova a Baofeng BF-888S: wogulitsa anatinamiza, koma anatithandiza usiku wa Freddy

Tinagula ma ovaova (mawailesi a m'manja olankhulirana) anayi ku Limbe, ife a chitetezo cha m'mudzi kuno ku Bangwe, titasonkha ndalama khomo ndi khomo. Mtengo wake si wa masewera. Mnyamata wa m'sitoloyo analumbira kuti tizimvana kuchokera kwathu mpaka ku Ndirande. Bodza lenileni. Ukangotsikira kuseri kwa chitunda umangomva phokoso lokhalokha, ndipo tchaja imodzi inali yakufa kale m'bokosi. Nditabwerera, sanadzutse n'komwe mutu pa foni yake, anangoti katundu wogulidwa sabwezedwa. Za chilolezo cha MACRA, bungwe loyang'anira za mawailesi ndi mafoni, sanatchuleko, tinachita kumva kwa ena. Mpaka lero ndikadutsa pasitolopo mtima umawawa.

Ndiye kunabwera namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Mvula osakata, magetsi kulibe, mafoni onse atathima. Cha m'ma 1 koloko usiku ovaova yanga inalira pamutu pa bedi. Anali mnyamata wathu wa kumunsi kufupi ndi mtsinje, akukuwa. Mawu oyamba sindinawamve chifukwa anayamba kulankhula asanadinikize bwino batani la m'mbali. Ndinamuuza kuti, "Iwe, dinikiza kaye, upume, kenako unene pamene uli." Apo m'pamene ndinamva kuti khoma lagwera agogo ena ndipo madzi akulowa m'nyumba.

Chimene sindinachiganizire pogula n'chakuti ukalankhula kamodzi, onse amene ali pa tchanelo chimodzi amamva nthawi yomweyo. Anzathu awiri anatulukira ndi makasu ndisanawaitane. Amene amakhala kumsewu samamumva mnyamatayo, koma ine ndili pamtunda ndimawamva onse, ndiye ndimangolandira uku n'kupereka uko. A kumsewuwo ndi amene anakadzutsa a dalaivala a minibasi. Tinafukula njerwa ndi matope tikuunika ndi katochi kamene kali pamwamba pa wailesiyo, kamene ndinkakaona ngati kachabechabe. Agogowo tinawanyamulira pa chitseko mpaka kumsewu, mwendo utathyoka, ndipo kunacha ali ku chipatala cha Queens. Pano akuyenda ndi ndodo.

Batire inapirira usiku wonsewo ndi tsiku lotsatira, ngakhale tinkalankhula mwa apo ndi apo kuti isathe. Mvula siigwirizana nayo, yanga ndinaikulunga m'jumbo ya shuga ndipo mawu amamvekabe. Matchanelo alipo 16, choncho gwirizanani tchanelo chimodzi ndipo aliyense asamapotokole kabatani kosinthira tchanelo, ana amakonda kuseweretsa.

Ndikupereka nyenyezi zinayi mwa zisanu. Tikufuna kuwonjezera awiri ena kuti wina azikhala kwa amfumu, koma tikagula kwina, ndipo tikayesa tchaja iliyonse pomwepo tisanapereke ndalama.