Kamakina kozungulira ka m'manja: zomwe ndaona patatha pafupifupi chaka ndikukagwiritsa ntchito

Patha pafupifupi chaka chigulireni bokosi la kamakina kozungulira ka m'manja, kaja kamafanana ndi cholembera chonenepa ndipo kumphuno kwake mumalumikiza tizitsulo todulira, topalira, toboolera ndi topukutira. Makina otere adatchuka ndi kampani ya Dremel, yomwe Albert J. Dremel adaikhazikitsa mu 1932 ku Racine m'chigawo cha Wisconsin ku America, ndipo chiyambire 1993 ili m'manja mwa Bosch. Kanga si ka Dremel ayi. Ndi kamtengo wotsika, kamtundu womwe wadzaza m'masitolo a zipangizo, ndipo dzina la wopanga sindilitchula chifukwa makina otere amafanana kwambiri ngakhale mayina olembedwa pamabokosi ali osiyana. Chigamulo changa nchakuti kamakinako kadali ndi moyo ndipo kandigwirira ntchito yambiri, koma zambiri mwa zida zomwe zidabwera m'bokosimo zidatha kapena ndidazitaya kalekale, moti amene akufuna kugula aziyang'ana kwambiri mota, osati chiwerengero cha zida chomwe chalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pachivundikiro.

Pabokosi langa padalembedwa kuti muli zida zoposa 200. Si bodza, koma kawerengedwe kake nkochenjera, pakuti kasandipepala kalikonse ndi kambale kodulira kalikonse amakawerenga pakokha, ndipo izi zokha zimadzaza kuposa theka la chiwerengerocho. Mukazichotsa mumatsala ndi timiyala tonolera tochepa, timabulashi ta waya, tinsonga ta diamond tozokotera galasi, tiziboolera, timawilo ta nsalu topukutira ndi timitengo ta chitsulo tomangapo zonsezi.

Timbale todulira topyapyala, tofiirira tija, ndito tidayamba kutha. Timadula bwino ndithu ngati dzanja lili chilili, koma mukangopendeketsa pang'ono kambale kali mkati mwa chitsulo, kamaphulika ndipo zidutswa zake zimauluka mwaliwiro loti simungaziwone. Chidutswa china chidandimenya pagalasi loteteza maso n'kusiyapo chipsera chomwe chilipo mpaka lero, ndiye nkhani ya magalasi oteteza maso sindiitenga ngati malangizo ongolembedwa m'kabuku. Nditagula timbale tokhala ndi ulusi wa fibreglass mkati, tomwe ndi tochindikala pang'ono, vutoli lidachepa kwambiri, ndipo kambale kamodzi kamakhalitsa kuposa mulu wa tija toyamba. Timiyala tonolera nato tidabwera tosalingana: tina tidamatidwa mokhota pakamtengo kake, moti mukayatsa makina amanjenjemera mpaka zala kuchita dzanzi. Mwala wotere umawononga ma bearing a makina msanga, choncho ndi bwino kuyesa uliwonse paliwiro lotsika n'kutaya wokhotawo osaumvera chisoni.

Chinthu chomwe munthu ayenera kumvetsa asanaweruze makinawa nchakuti mphamvu yawo yagona paliwiro, osati pakukankha. Kanga kali ndi mota wa mawati 135 ndipo pamapeto pake kamazungulira maulendo oposa 30,000 pamphindi imodzi, pomwe grinder wamba wa mbale ya mamilimita 115 amazungulira maulendo pafupifupi 11,000 koma ali ndi mota wa mawati 600 kapena kuposerapo. Tanthauzo lake nlakuti kamakinaka kamadya chitsulo kapena mtengo pang'onopang'ono, kachidutswa kakang'ono pakuzungulira kulikonse, ndipo mukakapanikiza kuti kafulumire liwiro limatsika, mawu ake amasintha n'kukhala ngati kubuula, ndipo kutentha kumakwera nthawi yomweyo. Anthu ambiri amene ndawamva akudandaula kuti makina otere ndi achabechabe amakhala kuti amawapatsa ntchito ya grinder. Amene amawotcherera mageti ndi zitsulo za m'mawindo asataye ndalama zake pano.

Pamene kamawala ndi pantchito zazing'ono zomwe zida zina sizifikapo. Chitsanzo chomwe chimabwera kawirikawiri ndi sikuluwu yomwe mutu wake wadyeka, monga zimachitikira pamahinjesi a zitseko zakale zomwe zidachita dzimbiri. M'malo mophwanya felemu, ndimatenga kambale kodulira, ndimacheka kamzere kamodzi kowongoka pakati pamutu wa sikuluwuyo, timoto n'kumathetheka kwa kanthawi kochepa, kenako sikuludiraiva yaphwanthiphwanthi imalowa m'kamzereko ndipo sikuluwu imatuluka bwinobwino. Kadulanso mabawuti a mpando wa chimbudzi omwe adagwirana ndi nati chifukwa cha dzimbiri, pamalo opanikizika pomwe sowo siingalowe. Kakulitsa bowo la loko pafelemu ya chitsulo pamene chitseko chidatsika, kachotsa dzimbiri m'makona a njinga, ndipo kapala m'mphepete mwa matailosi mozungulira paipi. Zonsezi ndi ntchito za mphindi zochepa, koma popanda kamakinaka zimadya theka la tsiku ndi tupa.

Pamtengo zotsatira zake zadalira kwambiri chida chomwe ndamangapo. Tizitsulo tosemera tomwe tidabwera m'bokosi tidabuntha msanga pamlombwa, ndipo chida chikabuntha sichidulanso koma chimangopekesa, mtengo n'kuda ndi kununkha chiwawu. Nditagula ma burr a tungsten carbide, tizitsulo tosemera tolimba kwambiri, zinthu zidasintha, moti ngakhale phingo, mtengo wolimba uja amisiri a ziboliboli amaukonda, umasemeka bwino, kungoti fumbi lake nlosalala kwambiri ndipo limalowa m'mphuno ngati simunavale chotchinga. Kwa wosema ndinganene kuti kamakinaka sikalowa m'malo mwa sompho ndi chizulo pochotsa mtengo wambiri, koma pomalizitsa maso, tsitsi, zilembo ndi m'makwinya momwe sandipepala wa m'manja safika, kamapulumutsa nthawi yambiri.

Pagalasi ndi pamatailosi tinsonga ta diamond timafuna madzi. Ndimadonthetsera madzi pang'ono pamalo pomwe ndikuzokotapo, chifukwa popanda madzi galasi limatentha n'kung'aluka, ndipo timchenga ta diamond timayoyoka pansonga. Apa mpofunika kusamala kuti madzi asafike kumota. Pulasitiki nayo ili ndi khalidwe lake: paliwiro lalikulu imasungunuka n'kumata pachida m'malo modulika, ndiye muyenera kutsitsa liwiro. Tsoka lake, ndipo apa mpamene kutchipa kwa makina anga kumaonekera, liwiro likatsika mphamvu nayo imatheratu, kamakina n'kumaima mukangokakhudzitsa. Makina okwera mtengo ena ali ndi dongosolo lamagetsi lomwe limaonjezera mphamvu likamva kuti chida chalemedwa, kotero liwiro silisintha. Anga alibe, ndipo ndikadzagulanso ichi ndicho ndidzayambe kufunsa. Timabulashi ta waya sitifuna liwiro lopitirira 15,000, apo ayi timawaya timathothoka n'kudzabaya m'malaya ndi pakhungu.

Ntchito imodzi yomwe sindikulangiza ndi kunola mipeni ndi zikwanje. Mwala wake ndi waung'ono moti sungapereke mpeni wowongoka, ndipo liwiro lake limatenthetsa kukamwa kwa mpeni mpaka kusanduka kobiriwira ngati thambo, chizindikiro chakuti chitsulo chafewa ndipo sichisunganso kuthwa. Tupa ndi mwala wonolera zimachita bwino kuposa apa.

Pankhani ya kulimba kwa makina enieniwo, patha miyezi yonseyi ndaona zinthu zingapo. Thupi lake ndi la pulasitiki koma silidang'aluke ngakhale lagwapo pasimenti. Kamatentha msanga ngati mwakagwiritsa ntchito kopitirira mphindi khumi osapumira, makamaka chifukwa timabowo tolowera mphepo tili pamalo pomwe dzanja limagwira, ndiye munthu amatitseka osadziwa. Ndidazolowera kukapumitsa ndi kupemerera fumbi m'timabowomo ndikamaliza ntchito. Mabulashi a kaboni, tizidutswa tomwe timapititsa magetsi mkati mwa mota, adadyeka itadutsa miyezi ingapo, ndipo chizindikiro chake chidali timoto tambiri mkati ndi liwiro lomwe limakwera n'kutsika lokha. Kusintha kwake nkosavuta, pakuti mbali zonse ziwiri kuli tizitsekero tomwe timamasuka ndi sikuludiraiva, ndipo amasinthidwa onse awiri nthawi imodzi. M'bokosi mudali mabulashi ena apadera, chinthu chomwe ndikuyamika wopangayo. Koma awa akadzatha, kupeza ena a saizi yomweyo kudzakhala kovuta, ndipo apa mpamene makina a dzina lodziwika amapambana, chifukwa zida zawo zosinthira zimapezeka ngakhale patapita zaka. Kabatani kotsekera shafiti posintha zida kayamba kutsetsereka, ndipo mawu a ma bearing akula poyerekeza ndi pachiyambi, ngakhale kuti shafiti sinayambe kugwedera.

Chingwe chopindika chomwe chimalumikizidwa kumphuno, n'kukusiyani mutagwira kachogwirira kopyapyala ngati cholembera, ndicho chida chabwino koposa m'bokosi lonselo, ndipo ambiri amachinyalanyaza. Makina amakolowekedwa pamsomali pamwamba, dzanja n'kumanyamula kanthu kopepuka, choncho kulemba dzina pagalasi kapena pachitsulo kumatheka popanda kunjenjemera. Chimafuna kuti chisapindidwe kwambiri, ndiponso kuti waya wamkati uzipakidwa girizi pang'ono nthawi ndi nthawi, apo ayi chogwiriracho chimatentha.

Za ma collet, tizitsulo tomwe timafinya kamtengo ka chida: saizi yofala ndi mamilimita 3.2, ndipo palinso za 2.4, 1.6 ndi 0.8. Chifukwa cha kufanana kumeneku zida zambiri za makampani ena, kuphatikizapo za Dremel, zimalowa bwino m'makina otchipa, ndipo ndi njira imeneyi yomwe ndakonzera zofooka za bokosi langa. Ma collet omwe adabwera nawo ndi a chitsulo chofewa, moti wa 3.2 adayamba kulekerera zida, ndipo ndidasintha n'kuika chuck yaing'ono ya mano atatu yomwe imagwira saizi zonse. Musanagule chuck, yesani kaye ngati mazinga ake akugwirizana ndi a makina anu, chifukwa si onse amafanana.

Amene akuitanitsa kuchokera kunja asamale ndi magetsi. Kuno ku Malawi magetsi ndi a mavoti 230 ndipo masoketi ndi a mano atatu amakona, pomwe makina opangidwira msika wa ku America ndi a mavoti 120 ndipo amapsa mukangowalumikiza popanda chotsitsira mphamvu. Anga adabwera ndi pulagi ya mano awiri ozungulira yomwe inkagwedera musoketi, ndiye ndidaidula n'kuikapo ya mano atatu yokhala ndi fyuzi. Makina a batire amakopa chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi, koma otchipa a mtunduwu ndi ofooka kuposa a chingwe, ndipo nthawi zambiri batire ikafa makina onse afa. Popeza mawati 135 ndi ochepa, inverter wamba wa panyumba amakayendetsa popanda vuto.

Ndalama zomwe ndaonjezera pa timbale ta fibreglass, ma burr a carbide ndi chuck zatsala pang'ono kufanana ndi mtengo wa bokosi lonse, ndipo wogula aziwerengeretu zimenezi kuyambira tsiku loyamba. Ma bearing akadzafika pogwedera ndidzagula makina okha opanda bokosi la zida, okhala ndi dongosolo losunga liwiro, ndipo ndidzafunsa kaye wogulitsa ngati amasunga mabulashi a kaboni a mtunduwo.