Paipi ya m'chumuni: 316, 904 kapena pumice?

Nyumba yathu kuno ku Leeds ndi yakale, ya njerwa zofiira, mwa zija zolumikizana mzere wonse. Titaganiza zoika mbaula ya nkhuni pamalo osonkhapo moto, ine ndinkaona ngati chumuni chilipo kale, basi nkhani yatha. Wosesa chumuni atabwera anayatsa kambulu kofukiza utsi pansi, n'kundiuza kuti ndikwere m'chipinda chapamwamba. Ndinapeza utsi ukutuluka m'mphepete mwa khoma, pomwe pali bedi la ana. Nyumba zambiri za ku England zomangidwa chisanafike chaka cha 1965 zilibe paipi m'chumuni, anangomatamo matope a laimu, ndipo matopewo amayoyoka akakalamba.

Anthu ambiri amasankha paipi yachitsulo yopindika, imene amaitsitsa kuchokera padenga ntchito n'kutha tsiku limodzi. Ilipo ya mitundu iwiri, 316 ndi 904. Poyang'ana simungazisiyanitse, kusiyana kwake kuli m'chitsulo. Ya 904 ili ndi nickel ndi molybdenum wambiri, zitsulo zothandiza kupewa dzimbiri, choncho imapirira asidi kwa nthawi yaitali, komanso mtengo wake ndi wokwera.

Asidiyo amachokera kuti? Malasha, ngakhale aja amati osafuka utsi, ali ndi sulufule. Sulufule akakumana ndi chinyontho m'paipi yozizira amasanduka asidi amene amadya chitsulo mpaka kuboola timabowo. Choipitsitsa ndi kusonkha nkhuni ndi malasha nthawi imodzi, chifukwa nkhuni zimabweretsa madzi, malasha sulufule. Chinanso ndi chizolowezi chotseka mpweya usiku kuti moto uzingonyeka pang'onopang'ono mpaka m'mawa. Utsi wake umakhala wozizira, umachita thukuta m'paipi n'kusiya phula lakuda lomata, lomwe ndilo limayaka chumuni chikagwira moto.

Ndiye ine ndimati, ngati mumasonkha nkhuni zouma zokhazokha, za chinyontho chosapitirira 20 peresenti, ndipo moto wanu umayaka mwamphamvu, 316 ikukwanirani. Koma dzifunseni moona mtima. Ngati mu January nkhuni zikatha mudzathamangira thumba la malasha, kapena kunyumba kwanu kuli wina wokonda kugoneka moto, gulani 904 lero lomwe. Ndalama yambiri imapita kwa amisiri ndi pokwera padenga, ndipo kulipira zimenezi kawiri kumawawa kuposa kusiyana kwa mitengo ya mapaipi awiriwa.

Ife tinatenga 316, ndalama yotsalayo tinaiika pa kufunditsa paipi. Apa ndi pamene ambiri amaumira, ndipo zimandidandaulitsa. Chumuni chathu chili pakhoma lakunja, loombedwa ndi mphepo. Paipi yosafunditsidwa m'chumuni chotere imazizira msanga, moto umavuta kukolera, phula limachuluka. Amisiri amathira timiyala topepuka tosunga kutentha, ta vermiculite kapena ta Leca, mozungulira paipi, kapena kuikulunga ndi chofunda chosapsa asanaitsitse. Paipi ya 316 yofunda bwino ndimaikhulupirira kuposa ya 904 yongolendewera m'chumuni chozizira.

Pumice ndi nkhani ina. Ndi mwala wopepuka wochokera kumapiri ophulika, umasunga kutentha pawokha ndipo suchita dzimbiri. Mapaipi ake, monga a Isokern, amakhala zidutswa zosapindika, kotero m'chumuni chokhotakhota amisiri amaboola khoma malo angapo kuti azilowetse. Fumbi nyumba yonse, masiku angapo, ndalama zambiri. Amene akugumula makoma kale pokonzanso nyumba, ndipo sakuganiza zosamuka, asankhe imeneyi chifukwa imakhalitsa kuposa chitsulo. Kwa ife amene tinali m'nyumbamo ndi ana, sizikanatheka. Palinso njira yothira simenti yopepuka mozungulira chubu chopopedwa mpweya, imene imalimbitsa chumuni chofooka, koma imachepetsa njira ya utsi ndipo ikalakwika kuichotsa n'kovuta.

Kukula kwa paipi musaganizire nokha. Malamulo a zomangamanga a ku England, gawo lotchedwa Approved Document J, amafuna mamilimita 150 pa nkhuni, koma amalola 125 ngati mbaula ili m'gulu lovomerezedwa ndi DEFRA, unduna wa boma woona za chilengedwe. Paipi isachepe kuposa kukamwa kwa mbaula. Yopangidwira gasi musaigwiritse ntchito ngakhale mwaipeza kale m'chumuni, ndi yopyapyala, singapirire moto wa nkhuni.

Ntchitoyi agwire mmisiri wolembetsedwa ku HETAS, bungwe lovomereza amisiri oika mbaula, apo ayi muuze a khonsolo adzaione, ndipo chikalata chake muchisunge chifukwa adzachifuna pogulitsa nyumba. Alamu ya carbon monoxide, mpweya wakupha wosanunkha, ndi lamulo m'chipinda chimene muli mbaula. Ife wosesa amabwera kawiri pachaka, ndipo ulendo wapitawu anatulutsa mwaye wouma wonga ufa, wosadzaza n'kambale komwe.